Masters ya zolemba ndi kupanga mafilimu: ndipite kapena ndalamazo ndijambulire filimu?

Nachisale wa ku Zomba:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndinachita digiri ya zisudzo ku Chanco, ndipo pano ndimadyera kamera: maukwati, zinkhoswe, mavidiyo a makwaya. Kujambula sikundivuta. Chikundisowetsa tulo ndi nkhani. Ndili ndi script (nkhani ya filimu yolembedwa pa pepala) ya mayi wogulitsa usipa mumsika, amene mwamuna wake anapita ku Joni n'kungoti zii. Poyambira pamakoma, aliyense amene ndamuwerengera amatchera khutu. Koma ikafika pakati imangozungulira pamodzimodzi ngati mbuzi ya pachingwe. Kodi masters imaphunzitsadi kukonza zoterezi? Ndalama zomwe ndasunga zingakwane chimodzi: kuyambapo sukulu, kapena filimu imodzi yaifupi.

Mphwanga wa ku Braamfontein:
Achemwali, ine ndinaphunzira konkuno ku Joni, ndiye ndinene zimene ndinaona. Phindu lalikulu lili m'chipinda chowerengera ma script. Mumabweretsa masamba anu, anzanu amagawana mbali n'kuwerenga mokweza, inu muli chete. Pamene anthu ayamba kusuzumira mafoni, mumadziwa nokha kuti nkhani yafera apa. Kenako mphunzitsi amafunsa mafunso omwewo sabata ndi sabata: munthuyu akufuna chiyani pano? Akumutsekereza ndani? Akalephera ataya chiyani?

Yesani mafunsowo pa mayi wanuyo. Mmene mwafotokozeramu, akungodikira. Wodikira timamumvera chisoni, koma sangatikoke kwa ola ndi theka. Tsamba limodzi la script limakhala pafupifupi mphindi imodzi pa kanema, ndiye masamba 40 a kudikira ndi mphindi 40 za anthu akuyasamula. Mpatseni chochita chimene chingamuwotche. Mwina alamu ake abwera kudzalanda nyumba, iye n'kunama kuti mwamuna waimba foni ndipo akubwera pa Khirisimasi. Bodzalo afunika kulidyetsa tsiku lililonse, mpaka kumadzitumizira yekha ndalama za usipa kuti anthu aziti zachokera ku Joni.

Za mapepala: kuno ku South Africa kuli sukulu za Wits, UCT ndi AFDA. Digiri ya kwathu imayamba yapita ku SAQA, bungwe la kuno lounika mapepala a maphunziro, kuti aione mlingo wake, ndipo masters nthawi zambiri amafuna honours (chaka chowonjezera pamwamba pa digiri yoyamba) kapena chofanana nayo. Yambani msanga, zimachedwa.

Mai a Tadala, Leeds:
Ndiwonjezere za ku UK kuno. Chevening, thandizo la maphunziro la boma la UK, imalipira masters ya chaka chimodzi, imafuna kuti mukhale mutagwirapo ntchito zaka ziwiri, ndipo mukamaliza mumabwerera kwanu kwa zaka ziwiri. Onetsetsani kutalika kwa kosi musanaikepo mtima, chifukwa makosi ambiri a masters a ku National Film and Television School ku Beaconsfield ndi a zaka ziwiri. Komanso funsani ngati ndi masters yopanga filimu kapena yofufuza za mafilimu. Yofufuzayo mumatuluka ndi chimkate cha thesis (lipoti la kafukufuku) koma osagwirako kamera. Pafupi pompo, MultiChoice Talent Factory inatsegula sukulu ku Lusaka mu 2018, panthawiyo ya miyezi 12, ndipo Amalawi anatengedwapo. Si masters, koma ntchito ya pa set, pamalo ojambulira filimu, amaiphunzitsa.

Gogo wa Mawu:
Mwanawe, ine ndakalambira pa zojambula mawu, ndipo ndikuti jambula kaye filimu yaifupiyo. Sukulu zambiri mwa zimene atchulazi zidzakufunsa ntchito imene unapangapo, ndipo vidiyo ya ukwati siionetsa ngati umatha kumanga nkhani.

Koma chimene chimandipweteka mtima ndi chilankhulo. Mphunzitsi wa kunja adzakukonzera mafupa a nkhani, zoona. Mawu a mayi wa usipayo sangawamve. Ana athu ambiri amalemba zokambirana m'Chingerezi kuti aphunzitsi awerenge, kenako n'kumasulira, ndiye umamva mayi wa mumsika akuti "ndili wokhumudwa kwambiri ndi khalidwe lanu". Ndani amayankhula choncho atakwiya? Amangoti "Basi, zikomo," n'kupitiriza kuunjika milu ya usipa, nkhope ili kumbali. Kakhale pa benchi ya ogulitsawo, uwapemphe, umvetsere mmene amanenerera mitengo ndi mmene amanyozerana mwachikondi. Ndipo pa ndalama zakozo upatule ya munthu wogwira boom (ndodo yaitali ya maikolofoni) ndi maikolofoni abwino. Chithunzi chosawala anthu amapirira, koma mawu odzaza mphepo ndi phokoso la jenereta amazimitsa.

Nachisale wa ku Zomba:
Zikomo nonse. Achimwene a ku Braamfontein, bodza lija landitsegula m'maso. Ndaona kale kuti mwana wake wamkulu ndi amene adzapeze uthenga wa Airtel Money pa foni ya amayi ake. Gogo, ndamva, ndiyamba ndi yaifupi, ya mphindi 12, ya tsiku limene alamu afika. Mai a Tadala, pofunsira malo amalandira filimu ya m'Chichewa yokhala ndi mawu a Chingerezi pansi?

Mai a Tadala, Leeds:
Ine yanga inali yotero ndipo anailandira. Mawu apansiwo apatseni munthu wina awerenge musanatumize, ndipo muone malire a mphindi amene sukulu iliyonse yaika.