Kachongedwe ka funso la kulanditsidwa kwa Buenos Aires mu 1806

Mphunzitsi wofunsa:
Aphunzitsi anzanga, ndikuchonga mayeso a mbiri ndipo ndikupempha nzeru. Funso linali lakuti ophunzira afotokoze momwe mzinda wa Buenos Aires (womwe lero uli m'dziko la Argentina) unalanditsidwira m'manja mwa Angerezi mu 1806. Ambiri alemba kuti gulu la Patricios, la asilikali odzipereka a mumzindawo, lotsogozedwa ndi Cornelio Saavedra, ndilo linapirikitsa adaniwo. Kodi ndiwapatse malikisi kapena ndiwamane?

Woyankha woyamba:
Mayi, yankholo lasakaniza nkhondo ziwiri. William Beresford, mkulu wa asilikali a Angerezi, amene ananyamuka ku Cape Town pa zombo za Home Popham, analanda mzindawo pa 27 Juni 1806, ndipo bwanamkubwa woimira mfumu ya Spain, Rafael de Sobremonte, anathawira ku Córdoba. Anaulanditsa ndi Santiago de Liniers, mkulu wa asilikali wa mbali ya Spain, yemwe anatenga asilikali ku Montevideo n'kuwoloka nawo mtsinje wa Río de la Plata, ndipo Beresford anagonja pa 12 Ogasiti. Gulu la Patricios linakhazikitsidwa mu Seputembala, mzinda utamasuka kale, choncho ine sindingapereke kanthu.

Woyankha wachiwiri:
Bambo, pa masiku sindikutsutsani, koma kuwamaniratu ndikuona kuti n'kulakwira ana. Asilikali a Liniers sanamenye okha. Juan Martín de Pueyrredón anasonkhanitsa anthu a kumidzi oyenda pa akavalo, ndipo ngakhale anabalalitsidwa ku Perdriel pa 1 Ogasiti, anakagwirizana ndi Liniers, pamene anthu a mumzinda nawonso anadzipereka mwaunyinji. Mwana amene waona kuti anthu wamba ananyamula zida boma litawasiya wagwira mutu wa nkhani, dzina lokha ndilo lamuphonya. Komanso n'zosadabwitsa kuti akusokoneza, pakuti a Patricios anamenyadi m'misewu yomweyo mu Julayi 1807, pamene Angerezi anabweranso ndi gulu lalikulu lotsogozedwa ndi John Whitelocke, n'kugonja pa 7 Julayi.

Woyankha woyamba:
Ndavomera, malinga ngati wotchula Whitelocke m'malo mwa Beresford sapeza malikisi a dzina, chifukwa pamenepo ndiye kuti wayankha funso lina.

Mphunzitsi wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse. Ndipereka malikisi pa mbali imene anthu wamba anachitapo, ndipo a mayina ndi masiku apita kwa okhawo otchula Liniers, Beresford ndi 12 Ogasiti. Pobweza mapepala ndidzalemba 1806 ndi 1807 pabolodi mogundizana, kuti tikonze limodzi.