Kodi ndivomere kukhala mkulu wa aphunzitsi oyendetsa ndege?

Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ndimaphunzitsa kuyendetsa ndege pasukulu ina ku Wonderboom, Pretoria, ndipo ndili ndi Grade II, chiphaso cha uphunzitsi chochokera ku SACAA, bungwe loyang'anira za ndege ku South Africa. Eni sukulu akufuna ndikhale CFI, mkulu wa aphunzitsi onse. Panopa ndimalipidwa pa ola lomwe ndauluka, moti mvula ikakakamira sabata yonse, ndege yathu ya Cessna 172 imangokhala pansi, m'thumba muli gwa. Udindowu uli ndi malipiro a pamwezi, koma ndikuopa kutsekeredwa mu ofesi ndi mafaelo a ophunzira, maola anga ouluka osawonjezeka, pomwe ATPL, laisensi yapamwamba ya oyendetsa ndege, imafuna maola 1,500.

Inu amene munagwirapo ntchitoyi, ndalama zake zimakwanira lendi ndi kutumiza kumudzi? Nanga makampani a ndege zahayala amaulemekeza udindowu polemba ntchito, kapena amangowerenga maola?