Khonsolo yabweza mapulani a nyumba za agogo

Mlembi: Mwaswera bwanji nonse. Kalata ya kukhonsolo yafika, ndaiika pamwambapo. Komiti yoona za mapulani sinavomereze komanso sinakane, yangoimika kaye pempho lathu lomanga nyumba 12 za okalamba. Alemba mfundo 7 zoti tikonze, masiku oyankhira ndi 30. Tikakhala chete fayilo itsekedwa, tidzayambiranso poyamba ndi kulipiranso ndalama younikira mapulani.

Malume a Kunja: Ndinanena ine. Akufuna kenakake amenewo. Tiyeni tikumbe maziko, khoma likafika pawindo adzasaina okha.

Injiniya: Ayi malume, khoma likafika pawindo chimene chimabwera ndi kalata yoletsa ntchito, kenako lamulo loti tigumule ndi ndalama zathu zomwe. Ngakhale atatisiya mpaka kufolera, popanda chiphaso chovomereza kuti anthu alowemo sitingalowetsemo gogo ngakhale mmodzi. Ndawerenga kalatayi mzere ndi mzere, palibe mfundo yofunira chiphuphu apa. Zonse 7 ndi zolakwika zathu. Mwayi wake n'ngwakuti zidakali papepala, kukonza kwake n'kufufuta mzere basi. Zikakhala pakhoma timakonza ndi hamala.

Malume a Kunja: Zolakwika zathu kapena za amene anajambula? Anamusankha ndani mnyamata uja?

Tcheya: Malume, za amene anajambula tikambirana pamsonkhano. Bambo injiniya pitirizani.

Injiniya: Ndiyambe ndi mfundo 3 chifukwa ndi imene ikuchititsa manyazi. Pansi pa nyumba pakwera mamilimita 600 kuchokera padothi, koma rampu, njira yopendekeka yokwerera chikuku, imene yajambulidwa ndi yotalika mamita 3. Ndiye kuti pa mamita 5 aliwonse ikukwera mita imodzi. Pamenepo munthu wa pachikuku sangakwere yekha, ndipo potsika womukankha amachita kukokedwa. Muyeso wake ndi 1 pa 12, kutanthauza kuti 600 uja akufuna rampu ya mamita 7.2, m'lifupi mamita 1.2, ndi pamalo posalala popumira pa mamita 1.5 kumtunda ndi kumunsi, zitsulo zogwirira mbali zonse ziwiri. Njira ina ndi kutsitsa pansi pa nyumba kufika pa 300, rampu n'kukhala mamita 3.6. Koma mukatero muyenera kukumba ngalande kumtunda kwa nyumba, apo ayi madzi a mvula azilowera pakhomo.

Zitseko za kubafa ajambula za mamilimita 700. Chikuku chambiri m'lifupi chimakhala 650 kapena 700, osawerengera zala za amene akupalasa mateyala. Pakufunika felemu ya 900 kuti chitseko chikatsegulidwa patsale mpata wosachepera 800. Ndipo chizitsegukira kunja. Gogo akagwera kuseri kwa chitseko chotsegukira mkati, thupi lake lomwe ndi limene limatseka njira, mumayamba kuthyola felemu munthu ali gone pansi. M'bafamo mukhale bwalo la mamita 1.5 loti chikuku chizitembenukirapo. Panopa bafa lonse ndi 1.2 m'lifupi.

Nesi: Ndionjezerepo pa bafapo. Kakhoma kotchingira madzi pakhomo la shawa kachoke, n'kamene kamapunthwitsa anthu. Pansi pangopendekeka pang'ono kulozera kubowo lotulukira madzi, matailosi akhale okhakhala, osati onyezimira aja. Chimbudzi chikhale chokhalira, kutalika kwake mamilimita 450 mpaka 480, chifukwa chonjuta munthu wa mawondo owawa akatsika sadzukanso. Ndipo okalamba ambiri amagwa usiku akupita kokodza, ndiye switchi ikhale pamutu pa bedi komanso m'njira ya kubafa muziyaka kanyali.

Injiniya: Zoona amayi. Zitsulo zogwirirazo zisadzamangidwe ndi masikulu pa buloko ya mphako, zimazuka tsiku limene munthu waziyedzamira ndi thupi lonse. Mabuloko a pamalo amenewo azithiridwa konkire mkati khoma likukwera, chitsulo n'kumangidwa ndi mabawuti. Izi zilembedwe papulani, mmisiri sangazilote.

Mphunzitsi Wopuma: Ine funso langa silinayankhidwe kuyambira tsiku loyamba. Agogo athu anapempha kuti tiwachotse pakati pa adzukulu awo? Tikukambirana mamilimita, eni ake sitinawafunse.

Mlembi: Aphunzitsi, mayina a ofuna malo tili nawo ndipo aposa nyumba zimene tikumanga. Ambiri ndi amene alibe wowasamala.

Mphunzitsi Wopuma: Analemba okha kapena anawalembera ana awo amene atopa nawo?

Malume a Kunja: Pamenepo aphunzitsi mwalasa.

Injiniya: Funso la aphunzitsi likugwirizana ndi mfundo 2, ndipo imeneyi ndi imene ili yolemera kuposa zonse. Pafomu tinalemba kuti ndi nyumba zogonamo anthu wamba. Papulani pali chipinda cha nesi, khitchini imodzi yophikira onse ndi chipinda cha odwala cha mabedi 4. Khonsolo ikufunsa kuti chenicheni n'chiti. Ngati ndi nyumba zoti munthu azidziphikira, kudzisambitsa ndi kutseka chitseko chake, zimaunikidwa ngati nyumba zina zonse. Ngati ndi malo osamalira anthu osatha kudzithandiza, fayilo ikadutsa kwa a zaumoyo, a zachisamaliro cha anthu ndi ozimitsa moto, aliyense ndi zofuna zake, ndipo chilolezo choyendetsera malowo ndi china, chosiyana ndi chomangira. Chinanso, malo athu pamapu a khonsolo analembedwa kuti ndi olima. Kusintha ntchito ya malo ndi pempho palokha, amaika chidziwitso poyera ndi kupereka nthawi yoti oyandikana nafe adandaule ngati ali ndi chodandaula. Pempho limenelo sitinapereke n'komwe.

Nesi: Ndipo tisadzinamize. Wolowa ali ndi zaka 70 akuyenda yekha, pakatha zaka zingapo angafune womutembenuza pabedi. Munthu wongogona amafunika kutembenuzidwa pa maola awiri aliwonse kuti asachite zilonda za pamsana ndi m'matako, usiku womwe. Ndiye kuti pakufunika ogwira ntchito osinthana masana ndi usiku, ndi wina wolowa m'malo wina akapuma. Anthu 4 amene talemba sangakwane. Malipiro awo azichokera kuti mwezi ndi mwezi?

Msungichuma: Kuchokera ku zopereka za mamembala, monga tinagwirizana.

Malume a Kunja: Zopereka zake zomwe zija? Za mjigo zinathera kuti? Malata amene tinasonkhera ali kuti? Ife tili kuno timatumiza mwezi uliwonse, lisiti ngakhale limodzi sitinalionepo.

Msungichuma: Malume, nthawi ya mjigo msungichuma sindinali ine. Buku ndinalilandira lili ndi masamba ong'ambidwa, aliyense akudziwa. Musandinyamulitse katundu wa eni.

Malume a Kunja: Nanga bwanji simunanene pamsonkhano kuti masamba ang'ambidwa?

Msungichuma: Zili m'maminitsi. Muziwerenga.

Wachinyamata: Akuluakulu pepani, mjigo ukangotchulidwa timatha sabata tikukangana. Masiku ndi 30 okha.

Injiniya: Mjigowo ulinso m'kalata, mfundo 4. Septic tank, thanki yolandira zonyansa za m'zimbudzi, ndi dzenje lake lomwetsa madzi azijambula mamita 12 kuchokera pamjigo, kumtunda kwake. Muyeso umene anthu a zaumoyo amatsata ndi mamita osachepera 30, dzenjelo likhale kumunsi kwa mjigo, ndipo pansi pake patalikirane ndi madzi a pansi panthaka ndi mamita 1.5 kapena kuposa. Kukula kwa thankiyo nakonso n'kolakwika. Bungwe la WHO limati munthu amafuna malita 50 mpaka 100 patsiku. Pamalo pochapa zofunda tsiku ndi tsiku tiwerengere 100. Okhalamo 24 ndi antchito 4 ndi anthu 28, malita 2,800 patsiku. Thanki yajambulidwa ya malita 3,000. Madzi oipa amafunika kukhalitsa m'thanki kuti zolemera zikhazikike pansi, ndiye ya masiku awiri ndi 5,600, kuonjezerapo malo a matope odzaunjikana. Ikachepa zinyalala zimadutsa zosadikha n'kukatseka dzenje lomwetsera, zimbudzi n'kuyamba kubwerera m'nyumba.

Khonsolo ikufunanso zotsatira za kuyesa dothi. Si ntchito yovuta. Pamalo pomwe padzakhale dzenjelo mumakumba mpaka pomwe paipi idzafike, pansi pake n'kukumbanso kadzenje ka mamilimita 300 m'litali, 300 m'lifupi, 300 kuya. Mudzaze madzi, agone usiku wonse kuti dothi likhute. M'mawa mudzazenso, muyambe kuwerenga nthawi madzi akatsika ndi 75, musiye akatsala 75 kuti athe. Masekondi amenewo muwagawe ndi 150. Yankho likakhala pakati pa 15 ndi 100 dothi lili bwino. Likachepera 15 madzi akuthamanga kwambiri, akafika kumjigo asanasefeke. Likaposa 100 ndi dongo, dzenje lizisefukira. Maenje akhale osachepera awiri, lililonse liyesedwe katatu. Ndipo dziwani kuti zotsatira za m'chilimwe zimanamiza, dothi louma limamwa chilichonse.

Wachinyamata: Maenjewo achinyamata tikumba Loweruka, mutangotionetsa malo ake. Madzi otungira tipeza.

Tcheya: Zikomo mwana wanga. Koma tisanakumbe chilichonse tione mfundo 1.

Mlembi: Mfundo 1 ndi ya umwini wa malo. Tinapereka kalata yolemba pamanja ya banja limene linatipatsa malowo. Khonsolo ikufuna chikalata cha umwini m'dzina la gulu, ndi mapu a oyeza malo osonyeza mabikoni. Vuto lake n'lakuti gulu lathu silinalembetsedwe mwalamulo, ndiye silingakhale ndi malo m'dzina lake. Ndipo pa ana asanu a malemu mwini malo uja, anasaina ndi awiri.

Malume a Kunja: Ndiye tasonkha zaka zonsezi pa malo oti si athu?

Tcheya: Malo ndi athu malume, anatipatsa pamaso pa anthu.

Injiniya: A tcheya, ndi ulemu wonse, komiti ya mapulani siwerenga maso a anthu, imawerenga siginecha. Ndondomeko yake ndi iyi. Tilembetse gulu likhale ndi matrasti, ana onse asanu asaine pamaso pa loya, oyeza malo aike mabikoni, kenako chikalata chisinthidwe dzina. Zimenezi m'masiku 30 sizingatheke. Chotheka ndi kulemba kalata sabata ino yopempha nthawi yoonjezera, n'kuphatikizapo umboni woti tayambapo. Amamva munthu amene wayankha, fayilo imene amatseka ndi ya amene wangoti zii.

Mphunzitsi Wopuma: Safunsa anadya phula. Tikanafunsa bambo injiniya tisanalipire wojambula uja.

Msungichuma: Anafunsidwa, anati atanganidwa.

Injiniya: Ndinapempha mapulani, ananditumizira chithunzi cha nyumba yopaka kale utoto. Tisiye zimenezo. Zatsala ndi msewu, moto ndi madzi a mvula. Kanjira kolowera ndi ka mamita 2.5 ndipo kumapeto kwake kulibe potembenukira. Ambulansi ingalowe koma izituluka chafutambuyo, galimoto ya ozimitsa moto singalowe n'komwe. Tikonze mamita 4, ndi kalavati pomwe tikudutsa ngalande ya msewu waukulu. Pa za moto, nyumba zonse zikutulukira m'kakhonde kamodzi kokhala ndi khomo limodzi, mawindo onse ali ndi zitsulo zotchingira akuba. Utsi ukadzaza m'kakhondeko anthu 24 oyenda ndi ndodo atulukira pati? Akufuna makomo awiri mbali zosiyana, otsegukira kunja, osafuna kiyi ukakhala mkati, ndi tizipangizo tolira tikamva utsi.

Nesi: Makomo osakhoma aganiziridwe bwino. Ena mwa agogo amaiwalaiwala, amatuluka usiku n'kusochera. Pachitseko pakhale belu lolira chikatsegulidwa, osati loko.

Injiniya: Zimenezo zikhoza kulembedwa papulani, palibe vuto. Yomaliza ndi dandaulo la oyandikana nafe a kumunsi, ndipo akunena zoona. Denga lonse ndi masikweya mita 600. Mvula ya mamilimita 50 ikagwa, pamenepo patsika malita 30,000, ndipo pulani sikusonyeza komwe akupita. Tiike magatala ndi mathanki okololera madzi, osefukira alowe m'ngalande yomanga mpaka kumsewu. Madzi omwewo azichapira.

Malume a Kunja: A kumunsiwo si apongozi ake a msungichuma wakale? Dandaulo limeneli lili ndi mwini wake. Ine ndikuti tikaonane ndi khansala, nkhani ithe.

Mlembi: Khansala sangasaine m'malo mwa a zaumoyo, malume. Akangokankha fayilo mfundo zisanakonzedwe, a kumunsi akachita apilo ndipo chilolezocho chikhoza kufafanizidwa tili pakati pomanga.

Mphunzitsi Wopuma: Ine ndikadali pomwe paja. Ndalama zimenezi tikanakonzera mabafa ndi marampu m'nyumba zimene agogowo akukhala kale, sitikanafuna khonsolo kapena loya.

Wachinyamata: Nanga amene nyumba zawo zikugwa, aphunzitsi?

Tcheya: Chabwino, tamva. Tisankhe kaye chimodzi, nyumba wamba kapena malo osamalira. Popanda zimenezo wojambula sangayambe. Aliyense alembe 1 kapena 2 pofika mawa madzulo.

Malume a Kunja: Ine sindivota mpaka ndione sitetimenti ya kubanki.

Msungichuma: Sitetimenti imafuna masiginecha awiri, ndipo wachiwiri ndi inuyo malume. Fomu yosinthira wosaina tinakutumizirani chaka chatha.

Injiniya: Amayi mlembi, kalata yopempha nthawi musadikire voti, ilembeni usiku uno ndiione. Achinyamata, Loweruka mubwere ndi tepi, ndowa ndi wotchi, ndipo musakumbe pafupi ndi mjigo pomwe pali chikhomo chija, malo a dzenje lomwetsera asintha.

Malume a Kunja: Fomu yake iti?