Nyumba ya gulu ku Fairbourne: tigule kapena tileke?

Wapampando: Abale, nkhani ya Loweruka ija tiimalizire pano. Thumba lathu lakula, ndipo ena mwati tigule kanyumba ku Fairbourne, mudzi wa m'mbali mwa nyanja kuno ku Wales, koti anzathu obwera kumene kudzagwira ntchito yosamalira okalamba azifikirapo. Lankhulani momasuka.

Bambo a Tadala: A Tcheya, ine ndikukana. Nyumba za kumeneko sizinatsike mtengo pachabe. Mu 2013 khonsolo ya Gwynedd, dera lomwe kuli mudziwo, inavomereza ndondomeko yoti siidzatchinga nyanja mpaka kalekale, ndipo chaka chomwe chimatchulidwa kuti idzasiye kuteteza mudziwo ndi 2054. Mudziwo uli padambo. Kutsogolo kuli nyanja, kumbali mtsinje wa Mawddach, kumbuyo mapiri otsitsa madzi a mvula. Ngongole ya nyumba kubanki imavuta kupeza kumeneko. Tsiku lomwe tidzafune kugulitsa, adzagula ndani?

Mayi a Chisomo: Bambo a Tadala, inu mwawerenga, ine ndimalowa m'nyumbazo tsiku ndi tsiku. Agogo ena omwe ndimawasambitsa anachoka ku Birmingham atapuma pantchito, monga anachitira ambiri pamudzipo. M'mawa safuna tiyi ndisanawakankhire pawindo. Amakhala chete kuyang'ana miyala ya simenti ija anaindanda m'mbali mwa nyanja pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse kuti itchinge akasinja. Nthawi yachilimwe kasitima kakang'ono kaja kakaliza wezulo popita kukocheko, komwe boti limawolotsa anthu kupita ku Barmouth, tauni ya kutsidya kwa mtsinje, amandikoka mkono ngati mwana kuti nane ndimve. Tsiku lomwe ndinasiyidwa ndi sitima, bambo wina wosandidziwa ananditenga mpaka ku tauni ya Dolgellau, ndalama ya mafuta anakana. Mudzi wotere mlendo sasowa mtendere.

Achimwene a ku Nsanje: Mayi, zonsezo ndi zoona, koma madzi ine ndimawadziwa. Mu January 2015 tinagona pamtunda masiku angapo tikuona madenga okha. Bambo anga ankakana kusamuka, ankati manda a makolo awasiyira ndani. Ndikamva anthu a ku Fairbourne akunena kuti sachoka, ndimawamvetsa mpaka mumtima. Koma iwo anamanga kale moyo wawo pamenepo. Ife tikalowa lero tikulowa tikudziwa, ndipo ndalamazi ndi thukuta la anthu ogwira usiku.

Mayi a Chisomo: Nanga anzathu aja akugona anayi m'chipinda chimodzi, adikire 2054? Zaka zotsalazo ana athu akhala atakula. Lendi yomwe tikutaya panopa sibwereranso.

Msungichuma: Ndiikepo za manambala. Kuyambira April 2023, Gwynedd imawonjezera 150% pa msonkho wa khonsolo wa nyumba yomwe sikhala munthu nthawi zonse. Anachita izi chifukwa anthu olemera ochokera kunja kwa deralo agula nyumba zambiri za tchuthi, ana a eni dera n'kusowa pokhala, Chiwelshi n'kumazilala m'midzi. Yathuyo ikakhala yopanda munthu wokhazikika, bilu imeneyo ikhoza kutipeza. Inshuwalansi ya madzi osefukira nayonso tiifunse kaye. Safunsa anadya phula.

Bambo a Tadala: Mwamva? Bwanji tiyang'ane ku Dolgellau, kumtunda?

Achemwali a ku Tywyn: Ku Dolgellau kulibe sitima, bambo. Wobwera kumene alibe galimoto. Ku Fairbourne akwera sitima pakhomo, awoloka mlatho wakale wa 1867 uja, mphindi zochepa ali ku Barmouth pantchito. Ine maganizo anga ndi akuti tisagule, tichite lendi chaka chimodzi, tione mmene dzinja la kumeneko limakhalira.

Mayi a Chisomo: Za lendizo ndavomera, bola kakhale komweko.

Wapampando: Zikomo nonse. Lamulungu likudzali tikumane pasiteshoni ya Fairbourne nthawi yomwe nyanja idzakhale itadzaza, tikaime pakhoma lotchinga nyanja tione ndi maso athu. A Msungichuma mubwere ndi mitengo ya lendi. Valani majekete, mphepo ya kumeneko siseka.