Mawu akuti filibuster: gwero lake ndi mmene amagwirira ntchito ku Senate

Nambewe:
Ndithandizeni anzanga. Nkhani za ndale za ku America zikafika pa nyumba ya Senate, mawu akuti filibuster sasowa. Ena amati ndi kuyankhula osasiya kuti bilu isavoteredwe, ena amati masiku ano palibe amayankhula, amangoopseza basi. Choona ndi chiti? Nanga mawuwa anachokera kuti, poti sakumveka ngati Chingerezi?

Achisale:
Mayi Nambewe, khutu lanu silinakunamizeni. Gwero lake ndi mawu a Chidatchi akuti vrijbuiter, munthu wolanda katundu panyanja. Afalansa ankati flibustier, a ku Spain ankati filibustero, ponena achifwamba amene ankalanda zombo ndi matauni a Spain ku Caribbean m'zaka za m'ma 1600.

Ku United States mawuwa anatchuka m'zaka za m'ma 1850, ndipo poyamba ankanena za nkhondo yeniyeni. Filibuster anali munthu wosonkhanitsa gulu lake la mfuti, popanda chilolezo cha boma, n'kupita kukaukira dziko lina. Narciso López anayesa kulanda Cuba mu 1850 ndi 1851, ndipo anaphedwa ku Havana. William Walker analanda Nicaragua n'kukhala pulezidenti mu 1856, kenako anaphedwa ku Honduras mu 1860. Mu 1853, pa mtsutso wa nkhani ya Cuba yomweyo, Albert G. Brown wa ku Mississippi anagwiritsa ntchito mawuwa podzudzula zimene phungu mnzake anayankhula. Pomatha zaka za m'ma 1800 anali atakhazikika pa tanthauzo la lero: kagulu kochepa kalanda nyumba yonse ngati achifwamba olanda chombo, ndipo ntchito yaima.

Aphiri a ku Dedza:
Pa funso loyamba lija, magulu onse awiri akunena zoona, koma akunena za nthawi zosiyana.

Filibuster mulibe m'malamulo aakulu a dziko la America. Inabadwa chifukwa mu 1806 Senate inachotsa lamulo lina, lomwe ku House of Representatives, nyumba inzake ya malamulo, linadzakhala njira yodulira mtsutso ndi mavoti ongoposa theka. Senate inatsala yopanda chodulira mpaka 1917, pamene masenetala ochepa anatsekereza bilu ya Pulezidenti Woodrow Wilson yoika mfuti pa zombo zamalonda. Apo ndiye panabwera Rule 22, njira yodulira mtsutso yotchedwa cloture, yofuna mavoti a magawo awiri mwa atatu a masenetala. Mu 1975 anatsitsa kufika pa magawo atatu mwa asanu, kutanthauza masenetala 60 mwa 100.

Cloture imayenda chonchi: masenetala 16 amasaina pempho, pamadutsa tsiku limodzi la zokambirana, tsiku lotsatira ndiye kuvota. Akakwana 60, mtsutso sutha pomwepo ayi, pamatsalabe maola ofika 30. Ndiye taonani, ngakhale opambana amataya masiku angapo pa bilu imodzi.

Ya kuyankhula ija ili ndi malamulo ake. Senetala ayenera kuimirira ndi kumayankhulabe. Akakhala pansi kapena kutuluka, mwayi wapita. Amaloledwa kulandira funso kwa mnzake, choncho anzake amafunsa mafunso ataliatali kuti pakhosi papume, koma miyendo sipuma. Huey Long mu 1935 anayankhula maola oposa 15, mpaka kufotokoza kakazingidwe ka nkhono za m'nyanja. Strom Thurmond mu 1957 anatha maola 24 ndi mphindi 18 potsutsa bilu ya ufulu wa anthu akuda, koma biluyo inadutsabe. Munthu mmodzi thupi limamugonjetsa. Yoopsa ndi ya gulu losinthana, ngati ya 1964 pa Civil Rights Act, bilu yothetsa tsankho; filibuster imeneyo inadya masiku 60 ogwira ntchito mpaka cloture inadutsa ndi mavoti 71 kwa 29. Mbiri imeneyi isamabisidwe: kwa zaka zambiri chida ichi chinkateteza tsankho.

Chinasintha zinthu ndi m'zaka za m'ma 1970, nthawi ya Mike Mansfield, mtsogoleri wa chipani chachikulu ku Senate, pamene Senate inayamba kuika pambali bilu yotsekerezedwa n'kumachita zina. Cholinga chinali chabwino, koma wotsekereza anasiya kuvutika. Lero amangodziwitsa mtsogoleri kuti atsutsa, ndipo ofuna biluyo ndi amene amathamanga kusaka 60. Kwa ine vuto lagona pamenepa, chifukwa kutsekereza sikumudyeranso munthu kanthu.

Nangozo:
Ndiwonjezere ziwiri pa zimene anena Aphiri. Si zonse zimafuna 60. Kuyambira 2013 kuvomereza anthu osankhidwa ndi pulezidenti kumangofuna mavoti oposa theka, ndipo mu 2017 anaphatikizapo oweruza a Supreme Court. Mabilu ena a bajeti amadutsa njira ya reconciliation, pomwe mtsutso umalekezera pa maola 20.

Chinanso, si kuyankhula kwakutali kulikonse kumene kuli filibuster. Cory Booker mu 2025 anayankhula maola 25 ndi mphindi 5, kuposa Thurmond, koma sankatsekereza bilu iliyonse, ankadzudzula boma. Muziyang'ana ngati pali voti imene ikulepheretsedwa.