Kodi womenya mpira wa kiriketi amauona nthawi yanji?

Nabanda: Akuluakulu, mu 2003 ku Cape Town, katswiri wa kiriketi wa ku Pakistan Shoaib Akhtar anaponya mpira pa liwiro la makilomita 161.3 pa ola. Pa mtunda wa mamita 20 okha, womenya amasankha bwanji chochita?

Chisale: Mayi, nthawiyo siikwana ngakhale theka la sekondi, choncho katswiri amawerengeratu phewa, mkono ndi kagwiridwe ka zala mpira usanachoke m'manja mwa woponya.

Mwale: Ndiwonjezerepo kuti maso sautsatira mpirawo njira yonse, koma amatsogola pomwe ukanjanje n'kuudikirira pamenepo. Luso lotere limabwera ndi kuyeserera: katswiri womenya mpira wa ku Australia Don Bradman ali mwana m'tauni ya Bowral ankamenya kampira ka gofu ndi kamtengo, kakamabwerera kuchokera pa njerwa za m'munsi mwa thanki ya madzi.

Chisale: Zoonadi bambo, ndipo popeza womenya amawerenga kagwiridwe ka zala, woponya wochenjera amabisa mpirawo ndi dzanja linalo pothamanga.