Corolla 110 ikumata mabuleki akutsogolo ikatentha

Wa ku Biwi: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi Corolla 110 pano. Ikakhala yozizira imayenda bwinobwino, koma ikangozungulira pang'ono m'tauni imayamba kulemera ngati yasenza matumba a simenti. Pedulo imalimba, malimu onse awiri akutsogolo amatentha osagwirika. Mukaiimika kanthawi imamasuka yokha. Mapadi ndi atsopano, anaikidwa kugalaja ina. Mwini wake akuti tingosintha makalipa (zitsulo zopanikiza mapadi pa disiki) onse awiri, koma ine mtima sukundilola kumugulitsa zinthu ndisanadziwe pomwe pakudwala.

Wa ku Limbe: Achimwene, mapini a kalipa mwawaona? Pa magalimoto akalewa kalabala ka pini kakang'ambika, madzi ndi fumbi zimalowa, dzimbiri n'kugwira. Onaninso ngati anapaka girizi wamba wa mabering'i. Ameneyo amatupitsa labala, pini n'kukanirira. Pamafunika girizi wofiira wa labala kapena wa silikoni.

Wa ku Biwi: Ndawatulutsa, akuyenda ndi chala chokha. Mapadi adyeka mofanana mkati ndi kunja, ndipo sakukakamira m'bulaketi.

Wa ku Luwinga: Ndiye ndi hozi imeneyo bwana. Kunja imaoneka yabwino, koma mkati imakhala itafwafwanyika. Mukaponda, mafuta a mabuleki amadutsa ndi mphamvu, pobwerera njira yatsekeka.

Madala a ku Ndirande: Ana anga, tisathamangire kugula. Hozi imachitadi zimenezo, koma kawirikawiri imagwira tayala limodzi ndipo galimoto imakokera mbali. Apa akuti onse awiri, komanso ikatentha. Mphwanga wa ku Biwi, chita izi motsatana. Iyendetse mpaka imate, ubwere nayo msanga, uiike pa jeke isanazizire. Tenga sipanala ya 8 utsegule nipo (kabawuti kotulutsira mpweya ndi mafuta) ya kalipa imodzi. Mafuta akatuluka mothamanga tayala n'kumasuka, kalipa ilibe mlandu, mphamvu ikutsekeredwa kumtunda. Akangodontha tayala lili chigwirire, ndi pisitoni ya kalipa yomwe yachita dzimbiri. Utiuze.

Wa ku Biwi: Madala, ndachita. Mafuta anathamanga mpaka pa fenda, tayala n'kuzungulira ndi dzanja limodzi.

Madala a ku Ndirande: Basi, makalipa asiye. Imatitsenso, kenako umasule paipi pa masitala (pampu yokankha mafuta mukaponda pedulo) penipeni ndi sipanala ya 10. Ikamasukira pamenepo, hozi si imene ikutseka, vuto lili mu masitala. Zungulitsanso akumbuyo, poti mapaipi a galimoto imeneyi anawalumikiza mopingasa, lakutsogolo kumanzere limayendera limodzi ndi lakumbuyo kumanja.

Chomwe chimachitika n'chakuti mu masitala muli kabowo kakang'ono kwambiri kobwezera mafuta m'kabotolo kosungira mafutawo mukachotsa phazi. Pisitoni ikalephera kubwerera mpaka kumapeto, labala imaphimba kabowoko. Mafuta akatentha amafufuma, alibe kothawira, ndiye amakankha mapadi. Mapadi akakhuza disiki kutentha kumawonjezeka, mafuta n'kufufumanso. N'chifukwa chake imamasuka yokha ikazizira.

Wa ku Limbe: Zoona madala. Achimwene, onaninso pedulo ngati ili ndi mpata musanamve kulimba. Pa ma Toyota amenewa pamafunika 1 mpaka 6 mm. Ena amamanga kwambiri switchi ya magetsi a buleki, pedulo n'kumalephera kubwerera. Ena amaika masitala ya galimoto ina osayeza kandodo ka busita (chowonjezera mphamvu ya phazi, chokhala kumbuyo kwa masitala). Masulani manati ogwira masitala pa busita, muikokere kutsogolo pang'ono. Matayala akamasuka, ndi kandodoko.

Wa ku Biwi: Ndabwera ndi zotsatira. Pa paipi ya masitala yamasuka. Akumbuyo nawo amakhuza pang'ono. Mpata wa pedulo ulipo. Manati a busita ndamasula, palibe chasintha. Koma nditatsegula kabotolo ndapeza labala ya pachivindikiro yatupa, yakhwinyata, ikukana kubwerera m'malo mwake. Mafutawo ndi ofiirira ndipo akuterera m'zala.

Madala a ku Ndirande: Thira pang'ono m'kapu ya madzi. Mafuta a mabuleki enieni amasakanikirana ndi madzi. Akayandama, wina anathiramo oyilo.

Wa ku Biwi: Ayandama madala. Ndamufunsa mwini wake, akuti mafuta atachepa pa ulendo anawonjezera a pawa sitiyaring'i omwe anali nawo m'buti.

Wa ku Luwinga: Eee, ndiye ndi zimenezo. Koma bwana, osangotsuka n'kuika kiti ya masitala yokha? Ndalama zavuta, munthuyo akhoza kuthawa ndi galimoto yake.

Madala a ku Ndirande: Ayi mwana wanga, apa sindingakuvomereze. Labala ya mabuleki inapangidwira mafuta a mtundu wa DOT 3 ndi DOT 4, ikalawa oyilo imatupa ndipo sibwereranso. Oyiloyo wayenda ponseponse, poti galimoto yakhala ikupondedwa. Lero yatupa ya masitala, mabuleki akumata. Mawa ifewa ya kalipa kapena hozi, munthu akutsika Zomba kapena Chiweta ndi ana kumbuyo, pedulo n'kupita pansi. Chilichonse cha labala chomwe mafutawo anakhudza chichoke: masitala, mahozi onse, masilo a makalipa, masilinda akumbuyo. Mapaipi achitsulo uwatsuke ndi brake cleaner kapena sipiriti, uwaumitse ndi mpweya wa kompuresa. Petulo ndi parafini usayandikize. Ngati ili ndi ABS (yoletsa matayala kuloka poponda buleki), bokosi lakenso lili ndi labala mkati, ulione.

Wa ku Limbe: Ndiwonjezere achimwene, madisiki atentha kangapo. Onani ngati asanduka abuluu kapena apindika, mapadi ngati awala ngati galasi, ndi mabering'i ngati ayamba kulira. Pobulida (kuchotsa mpweya m'mapaipi) gwiritsani botolo la mafuta lotsegula kumene, chifukwa lokhalitsa limakhala litamwa chinyezi. DOT 3 watsopano amawira pa 205 digiri, wachinyezi amatsika mpaka 140.

Wa ku Biwi: Zikomo akuluakulu. Ndamuitana mwini wake, ndamuonetsa labala yotupa ija pambali pa yatsopano, ndi kapu ya madzi ija. Wavomera. Makalipa tisunga omwewa, mapisitoni ake ndi osalala, tingoika makiti. Masitala, mahozi ndi masilinda akumbuyo ndikagula mawa. Galimoto igona kuno mpaka nditabulida ndi kuiyesa ikatentha.

Madala a ku Ndirande: Ukamaika masitala yatsopano uyambe waibulida pa benchi, ndipo uyeze kandodo ka busita usanamange manati. Komanso ufufuze komwe mafuta oyamba aja ankathawira kuti achepe.